Munthu Amene Ndinamangitsa Chifukwa cha Kuwala

Aphunzitsi anzanga, musandiombere m'manja. Mukamva zimene ndinachita, manja amenewo muwabisa m'matumba. Ine ndine Mbewe, kwathu ndi ku Ntcheu, koma kuno ku Karonga ndakhalako mpaka imvi izi. Andipempha kuti ndiyankhule za mowa, poti ambiri a inu munamva kuti ndinali chidakwa. Za mowa ndinena, koma mowa unabwera pambuyo. Chimene chinandigwetsa ine ndi nsanje. Ndinamangitsa munthu wosalakwa, anakhala m'ndende zaka zitatu, ndipo mlandu wake unali umodzi: ankaganiza bwino kuposa ine.

Boma linanditumiza kuno nthawi ya chipani chimodzi, kudzaphunzitsa fizikisi pa sekondale ina yogonera. Ndinabwera ndi dipuloma yanga, matayi atatu, ndi mapewa okwera. Mu labotale ndinapezamo bambo wina wa ku Ngara, a Msiska. Ntchito yawo inali kutsuka mabotolo, kusesa ndi kusunga makiyi. Sukulu analekezera Fomu 2 bambo awo atamwalira, koma mabuku onse a m'kabati ya labotale anali atawawerenga, ngakhale aja odyedwa ndi chiswe amene ine sindinkawakhudza.

Tsiku lina ndinaphunzitsa Fomu 4 za kuwala. Ndinathira madzi m'beseni, ndikugwedeza ndi rula, n'kuwauza kuti kuwala kumayenda ngati mafunde amenewa. Ana atatuluka, a Msiska anabwera akupukuta manja.

"A Mbewe, pepani, ndili ndi kafunso. M'beseni umu chikugwedezeka ndi madzi. Nanga kuchokera kudzuwa kufika kuno, pakati apa palibe madzi, palibe mpweya. Chikugwedezeka n'chiyani?"

Ndinawayankha za m'buku, ndi Chingerezi chambiri kuti aope. Sanaope. Anangothokoza m'Chitumbuka kuti "Yewo," n'kulowa kuchipinda chosungira zida, n'kutulukako ndi thabwa la bawo.

"Ine ndimaganiza chonchi," anatero. "Danga limene tikuti ndi lopanda kanthuli si losalala ayi. Lili ndi timaenje ngati thabwa ili, kungoti ting'onoting'ono koti palibe galasi lingationetse. Ndipo kuwala si mafunde. Ndi njere. Njere imagwa dzenje ili, kenako ili, kenako ili. Siingaime pakati pa maenje awiri, chifukwa pakatipo palibe poima. Siingalumphenso dzenje. Ndiye chifukwa chake buku lanu likuti liwiro la kuwala silisintha. Njere imodzi, dzenje limodzi."

Ndinaseka. Ndinaseka kwambiri, koma kunali kuseka kobisa manyazi. Zaka zonse zimene ndinakhala pa sukulu, sindinadzifunsepo chifukwa chimene liwirolo silisintha. Ndinkangoloweza n'kukalavula pa mayeso. Munthu wa tsache uyu anafunsa, n'kupezanso yankho lakelake. Kaya linali loona kaya labodza, koma linali lake. Ine ndinalibe kanthu kanga m'mutu muno.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkagona ndikuganiza zowagwetsa. Ndinawafunsa kuti, ngati kuwala ndi njere, n'chifukwa chiyani kukadutsa pa timing'alu tiwiri kumapanga mizere pakhoma, wina wowala, wina wakuda? Patapita sabata anabwera n'kundionetsa pa thabwa lomwelo kuti ukaponya njere nthawi yaitali motsata lamulo limodzi, maenje ena amadzaza, ena amatsala opanda kanthu. Asa! Ndinabwerera kukasaka funso lina, ndipo ulendo uno ndinapeza lakuthwa. Ndinati, "Maenje anu ali m'mizere. Njere yoyenda motsata mzere ndi njere yodutsa chopingasa, kuchoka ngodya iyi kupita ngodya iyo, sizingayende mtunda wofanana. Ndiye kuti kuwala kopita kumpoto kuzithamanga mosiyana ndi kuwala kopita chopingasa. Zimenezo munazionapo kuti?"

Anayang'anitsitsa thabwa. Ine mtima unayera, ndinati lero ndapha. Koma iwo anadzutsa mutu nkhope ili ngwee, n'kuti, "Dada, limeneli ndi funso! Yewo chomene." Analemba funso langa m'kope mwawo ngati ndawapatsa mbuzi. Munthu wotere mungamumenye ndi chiyani?

Makope awo anali ambiri, odzaza mabokosi ojambula, mivi yoloza uku ndi uku, manambala ndi zilembo. Ana a sukulu anayamba kudzaza mu labotale nthawi yopuma. Ndinawaletsa, ndinati zimenezo sizili mu silabasi, mudzalephera. Anapitabe. Tsiku lina kalasi yonse inandipempha, pamaso panga penipeni, kuti a Msiska abwere adzafotokozenso phunziro limene ine ndinali nditangomaliza. Ndikafika kunyumba kukadandaula, mayi a kunyumba, a Naphiri, anati, "Koma bambo aja ali ndi mutu. Akanapita ku koleji ngati inu, kaya akanafika kuti." Ananena mosalingalira, akusankha mpunga. Ine tsiku limenelo sindinadye.

Musadzinamize kuti nsanje ndi ya akazi a mitala. Ine ndinali mwamuna wa tayi, wokhala kutsogolo m'tchalitchi, koma ndikamva a Msiska akuseka mu labotale, khosi linkauma. Ndinkalakalaka atachita chibwibwi. Ndinkalakalaka makope aja atanyowa.

Ndiye iwo eni anandipatsa mpeni. Anandiitana m'mawa wina, natseka chitseko, n'kutulutsa kalata m'sokosi. Anati analembera mphunzitsi wina wa pa yunivesite ku Tanzania, amene anaona dzina lake kuseri kwa buku. Poti makalata a pa positi ankatsegulidwa masiku amenewo, anapatsira msuweni wawo, a Gondwe, amene ankachita malonda a nsomba cha ku Songwe, kumalire. Ndipo yankho linabwera. Munthu wophunzira uja anati sakugwirizana nazo zonse, koma maganizowo si amisala, atumizenso zina. A Msiska anandiyang'ana mwachimwemwe. Anati, "Ndinu woyamba kukuonetsani, a Mbewe, poti ndinu mumandinola."

Inu achinyamata simungamvetse kuti mawu akuti Tanzania ankalemera bwanji nthawi imeneyo. Kulemberana makalata mobisa ndi munthu wa tsidya lija kunali ngati kudzikumbira manda. Ine ndinkadziwa bwinobwino.

Lamulungu, titatuluka m'tchalitchi, ndinakumana ndi tcheyamani wa chipani wa dera lathu pa golosale. Ndinamugulira chakumwa. Ndinati, "Ine sindikunena kanthu, koma pa sukulu pathu pali makope ena odzaza mapu ndi manambala achinsinsi, ndipo makalata akuwoloka Songwe m'madengu a nsomba." Basi. Mawu ake ndi omwewo. Ndinadzinamiza kuti angowaopseza n'kuwalanda makope.

Lachitatu m'mawa, ndili pa bolodi, inafika Landirova. Anthu awiri ovala zovala wamba analowa mu labotale. Ndinaona pa windo a Msiska akutuluka, manja ali kumbuyo, thovu la sopo likadali m'mikono. Wina ananyamula makope onse m'katoni. A Msiska ankayesa kufotokoza kuti mabokosiwo si misasa ya asilikali, ndi maenje a kuwala, ndipo anawamenya mbama pomwepo. Ana anayang'ana pansi. Ine ndinapitiriza kulemba pa bolodi.

Akazi awo, a Nyachirwa, anawatulutsa m'nyumba ya sukulu sabata yomweyo, nabwerera kumudzi. Sindinafunse za iwo. Munthu akayamba kukamba za banja limenelo, ndinkadzuka.

Ndinkayesa kuti ndipuma. Kupuma kwake kuti? Ana sanabwerere kwa ine, anangokhala duu ngati zitsa. Mu labotale ndinkalephera kulowa osayamba ndamwa kabotolo kamodzi. Kamodzi kanakhala tiwiri. Ndinachoka pa mowa wa m'botolo kupita ku kachasu. Ndinayamba kufika m'kalasi ndikununkha, kenako kugona pa tebulo, kenako tsiku lina ndinagwa ndi beseni lija pamaso pa Fomu 3, buluku lonse madzi okhaokha. Anandichenjeza kawiri, kachitatu anandichotsa ntchito. A Naphiri anapirira chaka, kenako anatenga ana kubwerera ku Ntcheu. Ine manyazi anandiletsa kuwatsatira. Ndinatsala pa boma, ndikukhala pansi pa mtengo pafupi ndi positi, kulembera anthu makalata kuti andigulire kachasu. Dzanja lija la dipuloma linkalemba "Wokondedwa mwana wanga" tsiku lonse, usiku ndikugona m'khonde la sitolo. Ana amene ndinawaphunzitsa ankawoloka msewu akandiona. Choipa chitsata mwini, abale.

Zinatha zaka zitatu. Apa ndiyankhule pang'onopang'ono.

Unali m'mawa wa mwezi wotentha, ndili pansi pa mtengo uja, mutu ukugunda. Ndinaona mayi akubwera atagwira nsonga ya ndodo, kumbuyo kwake bambo woonda atagwira nsonga inayo. Anaima patsogolo panga. Mayiyo anayankhula m'Chitumbuka kuti ndi awa. Bamboyo anati, "Monire, a Mbewe."

Mawuwo ndinawadziwa ndisanadziwe nkhope. Mano akutsogolo analibe. Maso anali otuwa, akuyang'ana pamwamba pa mutu wanga. Ndinafuna kuthawa, koma anali atafika kale. Ndinati lero ndiye lero, abwera kudzandilavulira.

Anafufuza pokhala ndi dzanja, n'kukhala pa muzu pambali panga. Anati, "Ndatuluka mwezi watha. Maso anathera kumeneko, chipinda chinali cha mdima. Ndimangoona mbuu. Ndamva za mavuto anu, pepani chomene. Koma ndabwera ndi nkhani. Funso lanu lija ndaliyankha."

Ndinati, "Funso liti?"

"La chopingasa! Mwaiwala? Ine ndi limene linandisunga. Anzanga ankapenga, ine ndinkangolitembenuza m'mutu. Thabwa la bawo ndi limene linatisokoneza, a Mbewe. Maenje aja sali m'mizere. Ali ngati mpunga wowaza m'munda. Munthu akawaza bwino, mungaloze kuti mzere ndi uwu? Palibe. Muyende kumpoto, muyende chopingasa, pa mtunda wautali mupeza njere zofanana. Ndiye liwiro likhala limodzi mbali zonse."

Tsopano ndikuuzeni chinthu chochititsa manyazi kuposa zonse. Munthu uyu ali apa wakhungu, wopanda mano, chifukwa cha pakamwa panga. Mukuganiza kuti choyamba kumva mumtima mwanga chinali chisoni? Ayi. Inali nsanje. Yomwe ija, yatsopano ngati ya dzulo. Ndinati mumtima, ha, ngakhale mumdima waganizabe! Ine ndinali ndi dzuwa, mabuku ndi maso zaka zitatu, chimene ndatulutsa ndi masanzi. Pomwepo ndinadziona bwinobwino kwa nthawi yoyamba, ndipo ndinanyansidwa. Ndinazindikira kuti ngakhale akanafera kundendeko, ine sindikanachira, chifukwa matendawo sanali mwa iwo.

A Msiska anati, "Kulemba sindingathenso. Ndikufuna munthu wondilembera, wodziwa masamu, komanso wosandinyengerera. Woteroyo ndi inu nokha. Mungabwere ku Ngara Loweruka?"

Ndinapita. Musandifunse chifukwa, mwina ndinkafuna chakudya. A Nyachirwa anaphika nthochi zosakaniza ndi nyama, mbalagha, nandipatsa madzi osamba m'manja atagwada. Ndinadya chakudya cha anthu amenewo. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, iwo akunena, ine ndikulemba. Dzuwa litapendeka ndinalimba mtima n'kufunsa ngati anadziwa amene anawapereka.

Nkhope inasintha. Anati, "Za kalata ija ankadziwa anthu awiri, inu ndi msuweni wanga Gondwe. Inu simungatero, munalibe chopindula. Gondwe anamugwira pa Songwe sabata yomweyo, n'kumumasula mawa lake. Munthu amamasulidwa mawa lake ngati sanagulitse mnzake? Mudzi wonse ukudziwa. Pa maliro amakhala yekha. Ana ake salowa pakhomo pano."

Mwamva? Sikuti ndinangomangitsa mmodzi. Panali munthu winanso akusenza mlandu wanga zaka zitatu, ndipo Loweruka lililonse limene ndikanakhala chete, ankausenzabe. Akuluakulu anati mlandu suola. Wanga unali utakhala pa mutu wa munthu wosalakwa, ndipo wouchotsa ndinali ine ndekha.

Ndinkaopa. Kuulula kunali kunena kuti boma linamanga munthu pa bodza, ndipo mawu otero akanatha kunditengera komwe anachokera iwo. Komanso, ndisaname, ndinkaopa kutaya munthu yekhayo padziko amene ankanditchabe mphunzitsi.

Sindinaulule msanga. Ndinadziwa kuti kuulula kwa chidakwa palibe amakukhulupirira, amati ndi mowa ukulira. Ndiye ndinayamba ndi botolo. Ndinachoka pa boma, chifukwa mayi aliyense wotcheza kachasu kumeneko ankandidziwa dzina. Ndinapita kwa mkulu wina wa mpingo ku Ngara, ndinati ndisungeni, mundipatse khasu, ndipo mukandiona ndikulowera kumene kuli mowa mundichititse manyazi pagulu. Anandipatsa kachisakasa ndi munda wa chinangwa. Masabata atatu oyamba ndinkanjenjemera ngati wa malungo, kusanza, kutuluka thukuta. Ngati muli m'menemo, musayese nokha. Pezani munthu wouma mtima pang'ono, osati mnzanu wokumverani chisoni.

Nsanje ndiyo inavuta kuposa kachasu, chifukwa ilibe botolo loti uswe. Mkulu uja ndinamuuza kuti ndili ndi kaduka, osatchula zambiri. Anati, "Chimene mtima ukukana kunena, chinene ndi pakamwa, mtima udzatsatira." Ndiye Loweruka lililonse a Msiska akanena chanzeru, ndikamva khosi likuuma, ndinkadzikakamiza kunena mokweza kuti, "Zimenezo ine sindikanaziganiza." Ulendo woyamba mawuwo anatuluka ngati ndikumeza munga. Iwo ankaseka, amvekere, "A Mbewe, mwayamba kundinyengerera?" Sankadziwa kuti ndikumwa mankhwala. Yesani inunso mawa mu stafurumu, kwa mphunzitsi uja amene ana amamukonda kuposa inu. Mumudziwa, musayang'ane kumbali.

Ndinalemberanso a Naphiri kalata yonena zonse. Anayankha mizere iwiri yokha. Anati asanamve kuti ndawauza eni ake, ndisawalemberenso.

Mwina mukufunsa ngati maganizo a Msiska anali oona. Sindikudziwa. Patapita zaka, anthu ophunzira amene anawerenga makope athu anati muli mabowo ambiri, masamu ake sakukwana. Ena anati mafunso ake ndi omwe akuluakulu a fizikisi amalimbana nawo. Ine ndinganene chimodzi: anali olakwa kapena okhoza, sinali nkhani yomangira munthu.

Nditatha miyezi inayi osalawa dontho, ndinapita kwa a Gondwe. Ndinawapeza akusoka ukonde. Ndinati, "Loweruka m'mawa mubwere kwa a Msiska, pali mawu okhudza inu." Anati kumeneko salowako. Ndinati, "Muime kunja kwa mpanda, mumva."

Loweruka ndinafika, a Msiska ali kale pansi pa mango, kope lili pa mwendo. A Nyachirwa anabwera ndi mbale. Ndinati, "Mama, musaike. Imani pomwepo mumve nawo." Ndinagwada pa dothi. A Gondwe anali pa mpanda. Ndinanena zonse, golosale, tcheyamani, mawu enieni amene ndinanena. Sindinanamizire mowa, chifukwa tsiku limene ndinawapereka ndinali ndisanamwe. Ndinati, "A Gondwe alibe mlandu. Ndine. Ndinkakuchitirani nsanje."

Mbale inagwa. A Nyachirwa anakuwa m'Chitumbuka mawu amene sindingawabwereze muno, n'kugwira mutu, n'kuthamangira kuseri kwa nyumba. A Gondwe anakhala pansi pomwe anaimapo, akulira ngati mwana. A Msiska sanagwedezeke.

Kenako anati, "Nsanje ya chiyani, a Mbewe? Ine ndinkatsuka mabotolo anu."

Ndinati, "Ndikhululukireni."

Anati, "Za maso ndingakhululuke, ndi anga. Za zaka zitatu ndingakhululuke. Gondwe adzanena yekha za mbali yake." Kenako anapitiriza kuti, "Koma pali chimene simukudziwa. Pamene ankanditenga, mayi awa anali ndi pakati pa miyezi iwiri. Anabadwa mtsikana. Ali ndi chaka anadwala. Panalibe munthu wofuna kuoneka akuthandiza mkazi wa chigawenga, ngakhale womubwereka njinga. Anamwalirira kumsana, pa njira ya kuchipatala. Ine sindinamunyamulepo. Zimenezo musandipemphe. Amene munamulakwira sali pano kuti akuyankheni."

Ndinagwetsa nkhope m'dothi. Ndinkafuna andimenye ndi ndodo ija, koma sanandimenye. Anaitana a Gondwe kuti alowe, nawagwira dzanja, nayankhula nawo m'chinenero chawo. Atatha anatembenukira kumene kunali ine.

"Lero pitani. Loweruka mubwere, ntchito sinathe. Koma muzibwera mutadya kwanu."

Ndinapita Loweruka lililonse kwa zaka zisanu ndi zinayi, mpaka a Msiska anatisiya. A Naphiri anabwerera, ndinapezanso ntchito pa sukulu ina, mowa sindinaulawenso. A Nyachirwa sanandipatsenso moni ngakhale tsiku limodzi, ndipo sanalakwe.

Ndiye inu amene mwakhala apa ndi kanthu kakukuumitsani khosi mukamva mnzanu akutamandidwa, musadikire kuti kakule. Katchuleni dzina lero, kakadali mumtima, kasanafike pakamwa. Mowa ndinasiya, ntchito ndinaipeza, banja linabwerera. Mwana uja sanabwerere. Manda ake ali ku Ngara, kuseri kwa munda wa chinangwa, opanda cholembapo. Dzina lake sanandiuze, ndipo mpaka lero ndilibe nkhope yofunsira.